Bwalo la Mafunso: Kulumikiza Manetiweki Awiri pa Waya wa Serial Popanda Modemu

Funso: Bambo, ndimasamalira makompyuta pa malo pomwe pali ofesi ndi nyumba ya mapampu amadzi. Nyumba ziwirizi zatalikirana mamita pafupifupi 700. Ku ofesi kuli makompyuta 6 pa netiweki yawoyawo, kumapampu kuli atatu ndi kachipangizo kolemba kuchuluka kwa madzi opopedwa. Tsiku ndi tsiku munthu amayenda ndi fulashi kukatenga zolembedwazo. Pansi pa nthaka padutsa chingwe chakale cha mawaya 8 opotana awiriawiri, chomwe kale chinali cha intercom. Mbali iliyonse kuli kompyuta imodzi ya Linux yokhala ndi poti ya serial ya mapini 9. Ndawerengapo kuti kale anthu ankalumikiza manetiweki kudzera pa poti imeneyi, koma paliponse akutchula modemu ndi kuimba nambala, pomwe ife layini ya foni tilibe. Kodi zingatheke popanda modemu? Mnzanga wina akuti ndingolumikiza mawayawo ku mapoti mwachindunji, nkhani yatha.
*Mayi wosamalira makompyuta*

Yankho: Zingatheke ndithu, mayi, koma malangizo a mnzanuwo musawatsate. Poti ya serial imangotulutsa mabayiti, ina pambuyo pa inzake, ndipo ilibe nazo ntchito kuti kutsogoloko kuli modemu kapena kompyuta ina. Chimene chimasandutsa mabayitiwo kukhala netiweki ndi pulogalamu ya m'kompyuta. Komabe modemu ija sinkangokhala. Inkafikitsa uthenga kutali, inkalekanitsa magetsi a kompyuta ndi a layini ya kunja, komanso inkauza kompyuta kuti layini yadzuka kapena yafa. Mukaichotsa, ntchito zimenezo zimagwera inu.

Poti yanu imatsatira muyezo wa RS-232, umene bungwe la EIA ku United States linatulutsa mu 1960. Uthenga umayenda pa waya mmodzi, ndipo wolandira amayeza mavoti ake powayerekeza ndi waya wa ethi: pakati pa -3 ndi -15 ndiye 1, pakati pa +3 ndi +15 ndiye 0. Waya akatalika, uthengawo umafooka m'mphepete mwake, phokoso la magetsi ena limalowerera, wolandira n'kuyamba kuwerenga zolakwika. N'chifukwa chake mtunda umene anthu amaudalira ndi mamita 15. Mukatsitsa kwambiri liwiro mutha kupitirirako, koma mamita 700, pafupi ndi mamota a mapampu, musayese n'komwe.

Kulumikiza mwachindunji kuli ndi malo ake, ndipo malowo ndi patebulo. Nyamulani makompyuta awiriwo, muwaike pamodzi, muwalumikize ndi chingwe chachifupi chotchedwa null modem. Makompyuta onse awiri amalankhulira pa pini 3 ndi kumvetsera pa pini 2, choncho mawayawo ayenera kupingasana: 3 ya uku ipite ku 2 ya uko, 2 ya uku ipite ku 3 ya uko, ndipo 5, yomwe ndi ethi, ipite ku 5 inzake. Zonse za mapulogalamu zimene ndifotokoze m'munsimu muyambe mwaziyesa pamenepo. Zikayenda patebulo n'kukana pa chingwe chachitali, mudzadziwa kuti vuto lili pa chingwe, simudzavutika kusinthasintha malamulo amene ali bwinobwino.

Pa mtunda wanuwo mufunika ma converter awiri osintha RS-232 kukhala RS-422, imodzi mbali iliyonse. RS-422 imatumiza uthenga pa mawaya awiri opotana, wina akakwera mnzake amatsika, ndipo wolandira amayang'ana kusiyana kwa awiriwo basi. Phokoso likalowa limakhudza onse awiri mofanana, kusiyanako n'kukhala momwemo. Mwanjira imeneyi uthenga umafika mamita pafupifupi 1,200 pa liwiro la mabiti 100,000 pa sekondi, choncho 115,200 pa mamita 700 ndi zotheka ngati chingwe chanu sichinalowe madzi. Mawaya awiri azipititsa uthenga, awiri ena azibweretsa. T+ ya uku (T ndi yotumiza) ipite ku R+ ya uko (R ndi yolandira), T- ku R-, ndipo kumapeto kolandirira muike resistor ya ma ohm 120 pakati pa mawaya awiriwo ngati converter ilibe yakeyake. Opanga ena amalemba A ndi B m'malo mwa + ndi -, ndipo sagwirizana kuti A ndi uti, ndiye mukaona zilembo zosamveka zikutuluka, sinthanitsani mawaya awiriwo musanaganize zina.

Mudzapeza ma converter ambiri olembedwa RS-485 a mawaya awiri okha. Amenewo asiyeni. Pa mawaya awiri mbali imodzi yokha ndi imene ingalankhule pa nthawi imodzi, pomwe pulogalamu imene tigwiritse ntchito imalankhula ndi kumvetsera nthawi yomweyo, ndipo mauthenga azingogundana. Inu mawaya muli nawo 8, tengani ya mawaya anayi.

Tsopano nkhani ya magetsi, imene ine ndimaiopa kuposa zonse. Nyumba ziwiri zotalikirana chonchi iliyonse ili ndi ethi yake, ndipo ma ethi awiriwo sakhala ofanana. Mota ya pampu ikamadzuka, ethi ya kumapampu imatha kusuntha mavoti angapo poyerekeza ndi ya ku ofesi. RS-422 imapirira kusiyana kwa mavoti 7 okha. Kupitirira apo uthenga umasokonekera, ndipo kukakula, magetsi amapeza njira kudzera mu chingwe chanu n'kulowa m'kompyuta. Mphezi ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa siifunika kugwa pa chingwecho. Ikagwa pafupi, nthaka ya mbali imodzi imakwera mavoti zikwizikwi kwa kanthawi kochepa, ndipo chingwe cha mkuwa cholumikiza nyumba ziwiri chimakhala njira yake yachidule.

Ndinatsegulapo converter imene inachotsedwa pa chingwe chotere mvula yamabingu itapita. Kunja inkaoneka yabwinobwino, kanyali kake ka magetsi kankayakabe. M'kati, kachipu ka miyendo 8 koyandikana ndi polowera mawaya kanali ndi kabowo kakang'ono pamsana, m'mphepete mwake mutachita phulusa, ndipo kanjira kamodzi ka mkuwa pa bolodi kanali katasungunuka n'kusiya mzere wakuda. Fungo la pulasitiki wopserera linali lidakalipo. Poti ya kompyuta yomwe inali kuseri kwake inafera limodzi, chifukwa converter imeneyo inalibe cholekanitsa magetsi. Choncho pogula, funsani yolembedwa kuti isolated, imene m'kati mwake uthenga umawoloka ndi kuwala kapena kudzera pa kathiransifoma, popanda waya wolumikiza mbali ya kompyuta ndi mbali ya chingwe. Pomwe chingwe chikulowera m'nyumba iliyonse muikepo chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, chomangiriridwa ku ethi ya nyumbayo ndi waya wamfupi, wonenepa. Pa mawaya otsala aja, mmodzi alumikize ma ethi a mbali ya chingwe a ma converter awiriwo, osati ethi ya nyumba. Izi ndikukupemphani musazidumphe ngakhale wina akuuzeni kuti kwawo zimayenda popanda. Zimayendadi, mpaka tsiku la mvula.

Chingwe chikaikidwa, musathamangire ku netiweki. Yambani mwaona ngati zilembo wamba zikuwoloka. Tsegulani minicom kapena screen, mapulogalamu olembera ndi kuwerengera zilembo pa poti ya serial, mbali zonse ziwiri pa liwiro lofanana, mabiti 8, popanda parity, stop bit imodzi. Zimene mukulemba uku zioneke uko, za uko zioneke uku. Zikakana, pitani kumapeto akutali, mulumikize T+ ku R+ ndi T- ku R- pomwepo, kuti zimene mwalemba zibwerere kwa inu. Zikabwerera, chingwe chili bwino. Onaninso kuti Linux sinaike pulogalamu yolandirira anthu, getty, pa poti yomweyo, poti ikakhalapo imalanda mabayiti ena n'kumayankha zake. Pa makina a systemd mumaithimitsa ndi `systemctl disable --now serial-getty@ttyS0.service`.

Mapulogalamu onyamula mapaketi a IP, timagawo ta uthenga toyenda pa netiweki, pa serial alipo awiri odziwika. Wakale ndi SLIP, umene John Romkey anaulemba mu 1988 m'chikalata cha miyezo ya intaneti chotchedwa RFC 1055. Ndi wosavuta zedi: umatumiza paketi, kenako bayiti ya nambala 192 yosonyeza kuti paketi yathera apa. Suyang'ana ngati paketi yawonongeka panjira, sukambirana maadiresi, ndipo sudziwa ngati mbali inayo ikadali moyo. Winayo ndi PPP, yomwe maziko ake ali mu RFC 1661 ya 1994. Paketi iliyonse imaikidwa nambala yoyezera ngati yafika yathunthu, yowonongeka imatayidwa, ndipo mbali ziwirizo zimayamba zagwirizana kaye zisanatumize kanthu. Pa chingwe chodutsa pafupi ndi mamota, sankhani PPP. Ndi yomwe ija inkagwira ntchito pa nthawi ya mamodemu, kungoti tichotsamo zoimba nambala.

Pulogalamu yoyendetsa PPP pa Linux ndi pppd. Ku ofesi, mutalowa monga root, woyang'anira kompyuta, lembani:

`pppd /dev/ttyS0 115200 10.0.0.1:10.0.0.2 local noauth nocrtscts persist maxfail 0 lcp-echo-interval 10 lcp-echo-failure 3`

Kumapampu lembani zomwezo, koma maadiresi atembenuke, akhale `10.0.0.2:10.0.0.1`. Poyesa koyamba onjezerani `nodetach debug` kuti muziona zimene mbali ziwirizo zikuuzana.

Mawu akuti `local` akuuza pppd kuti isadikire chizindikiro cha modemu pa pini 1, chifukwa sichibwera. `nocrtscts` ndi chifukwa choti ma converter ambiri amawolotsa uthenga wokha, mapini 7 ndi 8 oletsana kusefukira safika tsidya linalo. Mawu awiri omaliza a lamulolo, oyamba ndi `lcp-echo`, ndi amene akulowa m'malo mwa ntchito yachitatu ya modemu ija. Masekondi 10 alionse pppd imafunsa inzake ngati ilipo, ndipo ikafunsa katatu osayankhidwa imatseka layini. `persist` ndi `maxfail 0` amaiuza kuti iyambirenso osatopa. Popanda zimenezi, magetsi akathima kumapampu n'kuyakanso, kompyuta ya ku ofesi imatha kukhala ikuganiza kuti layini idakalipo. Za `noauth`, zikutanthauza kuti palibe kufunsana mawu achinsinsi. Pa chingwe chokwiriridwa pamalo anu ndilibe nazo nkhawa, koma dziwani kuti PPP payokha siibisa uthenga, ndiye mafayilo muziwatenga ndi SSH, njira yolowera m'kompyuta ina imene imabisa uthenga.

Mukatha kuchita ping, lamulo loyesa ngati kompyuta ina ikuyankha, pa 10.0.0.2 kuchokera ku ofesi, mwalumikiza makompyuta awiri, manetiweki awiri ayi. Apa ndi pamene ambiri amakakamira. Choyamba, manetiweki awiriwo akhale ndi maadiresi osiyana, tinene 192.168.1.0/24 ku ofesi ndi 192.168.2.0/24 kumapampu. Akafanana, kompyuta iliyonse iziganiza kuti inzake ili m'chipinda chomwecho ndipo siitumiza kanthu pa waya. Kenako makompyuta awiri a m'mapetowo aloledwe kupatsira mapaketi ndi `sysctl -w net.ipv4.ip_forward=1`, ndipo muzilembenso m'fayilo ya sysctl kuti zisaiwalike kompyuta ikazimitsidwa. Ya ku ofesi iuzidwe njira: `ip route add 192.168.2.0/24 via 10.0.0.2`, ya kumapampu iuzidwe yobwerera. Njira zimenezi zimafufutika layini ikagwa, choncho ziikeni mu `/etc/ppp/ip-up`, imene pppd imaiyendetsa nthawi iliyonse layini ikadzuka. Chotsala ndi makompyuta ena aja. Nawonso ayenera kudziwa kuti za tsidya lina zimadzera pa kompyuta ya serial, ndipo chapafupi ndi kulemba njirayo mu rauta yaikulu ya netiweki iliyonse ngati ilipo. Mukaona ping ikupita koma yankho osabwera, pafupifupi nthawi zonse ndi njira yobwerera imene yasowa.

Za liwiro ndikuuzeni zoona zake. Bayiti iliyonse pa serial imadya mabiti 10, chifukwa pali biti yoyambira ndi yomalizira. Pa 115,200 ndiye kuti mabayiti 11,520 pa sekondi, osachotsera za PPP ndi za TCP. Fayilo ya megabayiti imodzi itenga mphindi imodzi ndi theka. Zolemba za madzi opopedwa, zomwe ndi manambala chabe, ziziwoloka m'masekondi ochepa, ndipo kulowa m'kompyuta ya kumapampu ndi SSH kuziyenda bwino. Koma kompyuta imodzi ya kumeneko ikangoyamba kukoka ma update a megabayiti 100, layini yonse yagwidwa kwa maola awiri ndi theka. Uli ngati mlatho wopapatiza: ngolo ikalowapo, oyenda pansi onse amaima. Paketi imodzi ya mabayiti 1,500 imatseka waya kwa masekondi 0.13, ndipo zimene mukulemba pa SSH zimadikira kumbuyo kwake. Mukaonjezera `mtu 296 mru 296` pa lamulo la pppd, mapaketi amakhala ang'onoang'ono ndipo kudikirako kumatsika kwambiri, ngakhale mafayilo akuluakulu amachedwerako pang'ono. Ikaninso firewall yolola zokhazo zimene mwalinga kuti ziwoloke.

Ngati cholinga ndi manambala a madziwo basi, njira imeneyi ikukwanirani kwa zaka zambiri, ndipo ndimaikonda chifukwa chilichonse m'menemo mutha kuchiyeza ndi kuchimvetsa nokha. Koma ngati mukuona kuti mawa adzafuna makamera kumapampuko, serial siidzakwanitsa. Pa chingwe chomwecho mutha kuikapo ma Ethernet extender a VDSL, amene pa mtunda ngati wanu amapereka mamegabiti angapo kapena makumi angapo pa sekondi malinga ndi ubwino wa chingwe, ngakhale nkhawa ya mphezi imakhalapobe. Chothetseratu nkhawayo ndi fibre, poti galasi silinyamula magetsi, ndipo ya multimode imafika makilomita awiri pa mamegabiti 100.

Funso: Akulu, ndikuphunzira za marauta. Ndalumikiza rauta ya Cisco ndi ya kampani ina msana ndi msana pogwiritsa ntchito zingwe ziwiri za V.35. Maadiresi ndaika bwino, koma ya Cisco ikungonena kuti "up, line protocol is down". Kodi chingwe chafa?
*Wophunzira*

Yankho: Chingwe chikanafa, achimwene, mawu oyambawo sakanakhala "up". Rauta ikuona kuti kutsogolo kuli chinthu chamoyo, koma sakumvana nacho. Serial ya marauta ndi yosiyana ndi ya kuseri kwa kompyuta. Ilibe biti yoyambira ndi yomalizira. Mbali zonse ziwiri zimatsatira kugunda kwa wotchi imodzi imene imayenda pa mawaya akeake. Pa layini yobwereka ku kampani ya mafoni, monga E1 ya mamegabiti 2.048 kapena T1 ya 1.544, wotchiyo imachokera ku chipangizo cholumikiza rauta ku layiniyo, chotchedwa CSU/DSU. Inu mwachichotsa, ndiye rauta imodzi iyenera kugunda wotchi. Imeneyo ndi yomwe yagwira chingwe cha DCE, cha mbali yopereka wotchi; cha mbali yolandira wotchi chimatchedwa DTE. Lamulo la `show controllers serial` likuuzani ngati chingwe cha Cisco yanu ndi DCE kapena DTE. Ngati ndi DCE, lowani pa interface imeneyo mulembe `clock rate 64000`. Ngati ndi DTE, wotchi muiike pa rauta inayo. Zingwe zonse ziwiri zikakhala DTE, palibe lamulo lingathandize, pezani cha DCE.

Wotchi ikakhalapo koma vuto osachoka, yang'anani mmene marauta akukulungira mapaketi. Cisco ikangotuluka m'bokosi imagwiritsa ntchito njira yokulungira yotchedwa HDLC, ya mtundu wakewake, imene ili ndi kagawo koonjezera kotchula mtundu wa paketi, pomwe marauta ambiri a makampani ena amayambira pa PPP. Rauta yanu ikutumiza uthenga wofunsa moyo masekondi 10 alionse, inayo sikuumva, ndiye ikulengeza kuti layini yagwa. Lembani `encapsulation ppp` pa Cisco, muonetsetse kuti inayo ilinso pa PPP. Pamene makampani asakanikirana chonchi, PPP ndi imene onse amaidziwa.

Funso: Bambo, ndikufuna kulumikiza kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi ku poti ya serial ya kompyuta yakale kuti ipeze netiweki kudzera pa PPP. Kodi ndingatenge mawaya atatu kuchokera pa mapini a Pi kupita ku poti ya mapini 9?
*Mwana wanu wa sukulu ya zaumisiri*

Yankho: Ayi mwanawe, Pi yako ipsa. Mapini ake amagwira ntchito pa mavoti 3.3, pomwe poti ya kompyuta imatha kutulutsa mavoti 12, ena a negative. Kuonjezera apo zizindikiro zake n'zotembenuka: pa Pi, 1 ndi mavoti 3.3, pa RS-232, 1 ndi mavoti a negative. Pakati pawo uikepo kabolodi kokhala ndi chipu cha MAX3232, kamene kamakweza mavoti ndi kutembenuza zizindikirozo. Pa Pi, TXD yotumiza ili pa pini 8, RXD yolandira pa pini 10, ethi pa pini 6, ndipo kabolodiko ukapatse mavoti 3.3 kuchokera pa pini 1, osati mavoti 5. Mu `raspi-config` uthimitse zolowera kudzera pa serial koma potiyo uisiye yoyaka, kenako pppd uilozetse ku `/dev/serial0`. Pa Pi 3 ndi Pi 4 poti yabwino inapatsidwa Bluetooth, ndipo yotsalayo liwiro lake limadalira wotchi ya chipu chachikulu, choncho ukaona mapaketi akuwonongeka, thimitsa Bluetooth kuti poti yabwinoyo ibwerere pa mapini 8 ndi 10. Popeza Pi ndi imodzi yokha, njira zonse zija sufunika kuzilemba: ipatse adiresi yosagwiritsidwa ntchito ya netiweki ya kompyuta yakaleyo, pa kompyutayo uyatse ip_forward ndi kuonjezera `proxyarp` pa lamulo la pppd, ndipo pa Pi uonjezere `defaultroute`.